Bambo Akonzetsa Wayalesi

Lolemba, 9 Juni

Achemwali,

Moni ndikupatsani ndithu, ngakhale mtima uli kwina. Muli bwanji kumeneko? Msana uja unakupindani pa makina osokera unaleka? Nanga alamu ndi ana? Kuno kudzuka tikudzuka, koma za mtendere musandifunse.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni zinakanika. Tsiku lija nditangoyamba kufotokoza munaseka mpaka kutsamwa, mukuitana alamu kuti adzamve nawo, ine ndili chiimire kuseri kwa nyumba, mayunitsi akutha. Pepala siliseka. Komanso nyumba yathu mukuidziwa, zipinda ziwiri, khoma ngati katoni. Bambo afooka maso okha, makutu amatola chilichonse chosawakhudza. Ndiye ndikulembera kuntchito, nditakhala pa bokosi la matailosi. Ndipatsira kondakitala wa basi uja, msuweni wa alamu, mawa ikhala m'manja mwanu. Muwerenge nokha, mpaka kumapeto.

Ndiyambire poyambira, poti inu munangogwira mchira wake.

Mukudziwa kuti mlamu wanu, mkazi wangayu, chaka chonsechi wakhala akuphunzira za maakaunti pa laputopu. Sukulu yake ilibe benchi, zonse ndi pa intaneti, ndi mayeso omwe. Laputopuyo tinagula kwa munthu, batire lake linafa kale, ukaichotsa kumagetsi imakomoka pompo. Foni m'nyumba mwathu sigwira bwino, tili kudzenje, kuti uthenga upite umachita kukwera pa mpando pafupi ndi windo. N'chifukwa chake ndinadzimana n'kulembetsa kukampani ya intaneti. Anabwera anthu awo n'kuika kabokosi koyera pamwamba pa kabati, ka tinyanga tiwiri, kophethira timagetsi tobiriwira. Anati n'kobwereka, kakadali ka kampani, tisakatsegule. Wamkulu wawo anandiuza kuti imeneyi ndi wayalesi, kutanthauza kuti intaneti imafika pa laputopu popanda waya. Ine sukulu mukudziwa pomwe ndinalekera. Ndinangogwira liwu lomwelo, wayalesi.

Sindinachite zimenezi modzionetsera. Mwini sitolo yomwe ndimagulako simenti ndi matailosi analonjeza kuti mlamu wanu akabweretsa pepala lake mwezi uno usanathe, mpando wa mu ofesi ndi wake. Akapanda kubweretsa, pali mwana wa mlongo wawo akudikira pakhomo, nsapato atapolisha kale. Ine ntchito yanga ndi ya maondo, lero ilipo, mawa kulibe. Nyumba ndikuyala panoyi ikatha sindikudziwa kolowera. Mwana wathu, amene tinam'patsa dzina loti a Foromani poti amangokalipa osagwira ntchito, akumera mano, chifuwa sichikuwachoka, mkaka wa m'chitini amaumaliza ngati akuthira pansi. Akatsokomola ine mutu umayamba kuwerengera zakuchipatala. Malipiro a pamwezi sanalowepo m'nyumba mwathu chikwatirane. Awa akanakhala oyamba.

Kenako munatitumizira Bambo. Munati masabata awiri okha, achotsedwe ng'ala m'maso, abwerere. Ndalama ya opaleshoni tinasonkha tonse, inu zambiri, sindikana, ndipo anaisunga okha mu envulopu m'thumba la jekete. Achipatala n'kumangosuntha tsiku. Ine sindinadandaule, ndi bambo anga.

Tsiku lomwe anafika, asanavule ndi chipewa chomwe, anaona laputopu patebulo. Achemwali, munthu uja anatsitsimuka ngati wamwa mankhwala. Mukukumbuka kuti anali mesenjala ku ofesi ya inshuwalansi kuja, ndipo kompyuta yoyamba itabwera kiyi wa chipinda chake ankasunga ndi iwo. Nkhani imeneyo ife tinaimva mpaka kuiloweza, koma mlamu wanu anali asanaimve, ndiye anapeza munda watsopano.

M'mawa ndi yomweyo, masana ndi yomweyo. Akuti inabwera pa lole, anaitsitsa amuna amphamvu okhaokha. Akuti inali ndi chipinda chakechake chozizira, bwana wamkulu akuvutika ndi thukuta mu ofesi mwake, iyo ikuwomberedwa kamphepo. Polowa unkavula nsapato. Galasi lake lakuda bii, zilembo zobiriwira, ukaiyatsa unkapita kukaphika tiyi n'kubwera isanadzuke. Madisiki ake aakulu ngati sosala, opindika, ankawanyamula ndi manja awiri ngati khanda. Pulinta ikayamba kulira, akuti odutsa mumsewu ankaima kuganiza kuti mkatimo mukuchekedwa matabwa. Poweruka ankaifunditsa nsalu iwo eni, ngodya zonse, n'kukhoma.

Ya mlamu wanu akuti si kompyuta, ndi thireyi. Anaitembenuza uku ndi uku kufuna pakamwa polowetsera disiki, ataposowa anafunsa kuti ndiye imadya chiyani. Mlamu wanu akaika kapu ya tiyi pafupi, amakuwa ngati aona njoka pa mwana. Akaiika pamiyendo, akuti mayi, chinthu chaulemu sachilera ngati mphaka. Tsiku lina anaifunditsa thaulo la a Foromani ili choyaka, inatentha mpaka kuzima yokha, ntchito ya m'mawa wonse n'kupita, iwo n'kuti mwaona, imafuna kupuma. Iye ankangoti inde Bambo, chabwino Bambo, mutu uli pa manambala. Pamenepo ndimulemekeze, anapirira.

Sindinama, zina ndimazikumbuka nanenso. Mapepala aja a mabowo m'mphepete omwe ankatibweretsera, inu mukukutira makope, ine ndikupinda ndege. Ndi tsiku lija ananditenga mabwana kulibe, n'kundivula nsapato pakhomo, n'kugwira chala changa kudina dzina langa, likutuluka lobiriwira pagalasi chilembo chimodzichimodzi. Ndinasimba kusukulu teremu yonse. Koma zimenezo sizigula mkaka, ndipo lero sindikufuna kuzikumbuka.

Sabata yoyamba yomweyo analoza pamwamba pa kabati n'kufunsa kuti ka tinyangako n'chiyani. Ine ndikumanga nsapato, ndachedwa, ndinangoti ndi wayalesi, Bambo. Iwo anamva wailesi. Wailesi yomvera nyimbo ndi nkhani ija. Kuyambira pamenepo anakhala akuidikira kuti ilankhule. Ndamva tsopano kuti tikachoka ankakwera pa mpando, ndi maso awo omwewo, kupotoza tinyanga, kugunditsa khutu. Ataona kuti ikungophethira, anagamula okha mumtima kuti inafa, ndipo ife tikuchita manyazi kunena kuti tilibe ndalama yokonzetsera.

Loweruka lomaliza la mwezi watha ndilo linali tsiku la mayeso otsiriza, kuyamba teni koloko. Lamulo lake ndi loti kamera ya laputopu ikhale ikukuyang'ana mpaka kumaliza, m'chipinda uli wekha, intaneti ikaduka basi watuluka. Ine ndinalawirira kuntchito. Mlamu wanu anasambitsa a Foromani n'kukawasiya kwa mayi woyandikana nafe, ndipo anachedwako pang'ono kumufotokozera za mankhwala a chifuwa. Bambo tinali titagwirizana nawo kuti akakhala panja pamthunzi mpaka mayeso athe. Anapitadi panja. Koma anapita ndi kabokosi m'thumba la pulasitiki.

Akuti anaganiza kuti mpongozi wawoyu wavutika chaka chonse, akamaliza kulemba apeze nyimbo zikulira m'nyumba. Mphatso.

Mlamu wanu pobwera anayatsa laputopu, intaneti palibe. Kuzimitsa, kuyatsa, palibe. Kukweza maso pa kabati, pangotsala malo oyera pakati pa fumbi. Anandiimbira akulira kuti kwabwera akuba. Ine manja ali simenti yokhayokha, ndinasiya tailosi ili yosakhazikika n'kuthamanga, mwini ntchito akukuwa kumbuyo. Mlamu wanu anayesa kulumikiza ndi foni, atakokera tebulo pa windo, dzanja limodzi lili m'mwamba. Zinagwira, analowa, anayankha funso loyamba, n'kuduka. Ndinamupeza atakhala pansi, osalira, akungoyang'ana khoma. Bola akanalira.

Dzuwa litapendeka Bambo anatulukira akuimba mluzu. Anati ana inu, manyazi anu atha lero, n'kutulutsa chinthucho m'thumba pang'onopang'ono kuti tonse tione. Achemwali, kabokosi kaja kanali ndi dzenje pamimba, atamatapo sipika yakale ya m'galimoto ndi guluu wakuda, mawaya awiri ofiira akulendewera. Tisanatsegule pakamwa anali atakalowetsa kale kumagetsi. Kanachita phokoso ngati madzi agwera m'mafuta otentha, kenako kautsi, kenako fungo. Timagetsi tobiriwira sitinaphethirenso. Iwo n'kumati dikirani, ikufunafuna siteshoni.

Anakapereka kwa wokonza mawailesi wina kumsika, yemwe anthu amamutcha Zonsendimatha. M'mawa mwake ndinapitako. Kakontena kodzaza mitembo ya mawailesi, iye atakhala pakati, magalasi omangirira ndi waya. Ndinamufunsa kuti akulu, simunaone kuti si wailesi imeneyi? Anati mphwanga, madala anabwera n'kunena kuti chinthuchi sichikulira, ine ndinatsegula n'kupezadi kuti mulibe cholirira, anakuberani pogula. Ndinati n'cha intaneti. Anati ndiye bwanji sichinanene. Akuti kasitomala anafuna phokoso, ndipo mwanena nokha kuti phokoso linamveka. Kenako, mumve bwino apa, anati mwachita bwino kubwera, pa sipika ija madala sanamalize kulipira. Ndinali ndi hamala yanga ya labala m'chikwama. Ndinaigwira ndithu. Ndinaganiza za a Foromani akubwera kudzandiona kundende ali kumsana kwa amayi awo, ndinaisiya.

Kukampani ndiye kunali chipongwe china. Mtsikana wa pakauntala atangokaona anagwira pakamwa, n'kuitana anzake onse, wina mpaka kujambula ndi foni. Atamaliza kuseka anandiuza mwaulemu kuti katundu wa kampani wawonongedwa dala, ndilipire mtengo wake wonse, ndipo kabokosi kena satulutsa mpaka ngongoleyo ithe. Mtengo wake ndi woti ndiyale bafa ndi khitchini yomwe osadya kanthu.

Chinthu chimodzi chokha chinayenda. Mlamu wanu analembera aphunzitsi ake n'kutumiza chithunzi cha kabokosi ka sipika. Anayankha kuti pa mabodza onse omwe ophunzira amawanamiza, limeneli palibe angalipeke. Amupatsa mwayi wolembanso Loweruka likubwerali. Wotsiriza. Akauphonya ndi chaka chamawa, ndipo mpando uja mwana wa mlongo wa mwini sitolo akhala atautenthetsa kale. Musandiuze zokalembera kumalo olipira intaneti aja, ndinafunsa, salola, kumbuyo kumadutsa anthu. M'makomo ndayenda. Yemwe ali nako kabokosi kotere pamalo pathu ndi mwini nyumba yathu ya lendiyi yekha, ndipo ameneyo masiku ano ndikamuona ndimakhotera njira ina.

Bambo ndinawakalipira. Sindibisa, ndipo sindikupepesa. Ndinawakumbutsa kuti ndi iwo omwe ankatikoka makutu kuti safunsa anadya phula. Anati iwo anafunsa, ndipo anawayankha ndine. Ndinati ine ndinanena kuti wayalesi. Anati nenanso. Ndinanena. Anati tsopano nena wailesi. Ndinanena. Anatembenukira kwa mlamu wanu n'kufunsa kuti mayi, inu mwamvapo kusiyana? Iye ananyamula mwana, n'kulowa kuchipinda, n'kutseka chitseko.

Sanathere pomwepo. Akuti kompyuta ya ku ofesi kwawo inali ndi chingwe chonenepa ngati mkono wa mwana, unkachitsata ndi dzanja kuchokera kukhoma mpaka kumakina, chikavuta unkadziwa pogwira. Inu a lero mwapachika moyo wanu wonse pamphepo, pa chinthu chosaoneka, chodalira kabokosi koti nkhalamba yosaona bwino ingathe kuika m'thumba, ndipo simunalembepo ngakhale kuti musakhudze. Kwathu chitseko chinali cholembedwa, kiyi ali kwa munthu mmodzi. Mawu amenewo ndi amene anandipsetsa mtima koposa. Ndinatuluka n'kukamenya ndowa theche, mpaka lero chala chachikulu chikupweteka.

Sabata yonse yathayi m'nyumba munali zii. Mlamu wanu amawaikira chakudya, amawatenthetsera madzi osamba, koma liwu loti Bambo silikutuluka pakamwa pake. Nkhani ya kompyuta inatha. Pafupi ndi laputopu amadutsa chammbali ngati akudutsa galu wa eni. Ine ndinali nditatsimikiza kuti kalata ino ikhala yokuuzani kuti opaleshoni ikangochitika Lachitatu lino, bwerani mudzatenge munthu wanu.

Ndiye lero m'mawa ndinadzera kukampani kukapempha kuti andilole kulipira pang'onopang'ono, atulutse kaye kabokosi. Mtsikana uja anayang'ana pa kompyuta yake n'kuti koma zambiri zalipiridwa kale. Akuti Lachisanu kunabwera agogo ena a jekete ndi chipewa, anawoloka msewu waukulu uja atawagwira dzanja wogulitsa nyuzipepala. Anakhuthula envulopu pakauntala, n'kumuuza kuti awerenge yekha poti iwo manambala sakuwaona. Akuti anakhala kanthawi akuwasimbira za kompyuta yovulira nsapato, anyamata akuseka, iwo osaleka. Pochoka anafunsa ngati zakwana. Atamva kuti ayi, akuti anaima nthawi yaitali akusisita matumba a jekete.

Envulopu yake mukuidziwa. Ndi ya maso ija.

Mwina inu mukuwerenga apa misozi ikulengeza. Ine ndinakwiya. Ndinapempha kuti andibwezere, anati zikalowa m'makina sizituluka. Taonani tsopano. Kabokosi sanatipatse poti sizinakwane. Opaleshoni ya Lachitatu yafa poti envulopu ili pululu. Dzenje linali limodzi, akumba lachiwiri kuti akwirire loyamba, ndipo onse awiri ali chiyasamire. Kachiwiri, osauza munthu! Akanagundidwa ndi galimoto pamsewu paja ndikanakuuzani chiyani?

Ndinaimbira mlamu wanu ndili pakhomo pa kampani pomwepo. Iye anati Bambo sapita kulikonse. Akuti sanawakhululukire, ndisamve molakwa, koma maso awo tsopano ali m'kabokosi kaja, ndipo iye sangalole kuti mawa abale anu azidzati mkazi wa kutauni anadya maso a apongozi ake. Akuti alemba, akhoza, malipiro oyamba onse apita kuchipatala, kenako adzawakalipira bwinobwino akumuona nkhope.

Ndadzeranso kuchipatala. Atisunthira kumapeto kwa mwezi wamawa, ndipo adokotala anena kuti diso lamanzere lisadikirenso kupitirira pamenepo.

Ndiye mwaona pomwe zafika. Mkaka wa a Foromani, lendi, maso a Bambo, zonse zakwera pa Loweruka limodzi, ndipo Lowerukalo lakwera pa kabokosi.

Pempho langa ndi limodzi. Tumizani chotsalacho pa foni ya mlamu wanu pofika Lachinayi m'mawa, poti akampani akuti amafuna tsiku lathunthu kuti abwere adzalumikize. Ndikudziwa kuti munakhuthula kale pa envulopu ija, ndipo pakamwa pakundilemera. Koma munandiuza nokha kuti mwalandira chikole cha madiresi a anthu a ukwati aja, nsalu mugula mwezi wamawa. Ine kwanga ndafinya mpaka pouma. Masana ano ndagulitsa chodulira matailosi changa chachikulu kwa mnzanga, pamtengo woti nayenso anachita manyazi. Panopa ndikudula ndi makina obwereka, fumbi lili m'mphuno. Mwini ntchito wakana kundipatsiratu, akuti munthu wothawa tailosi yaiwisi samudalira. Sindikupempha mphatso. Nyumba ino ikatha ndidzabweza, nsalu za eni muzigula nthawi yake.

Bambo musawaimbire kuwafunsa za envulopu. Sakudziwa kuti ndadziwa. M'mawa uno ndinawasiya atavala jekete, akundifunsa kuti Lachitatu tidzanyamuka nthawi yanji, ngati kuti zonse zili m'malo. Sindikudziwa kuti ankafuna kukanena chiyani pawindo la chipatala. Madzulo ano ndiwauza kuti adokotala asunthanso tsiku, ndipo si bodza.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti nkhaniyi isafike kumowa. Moni kwa ana onse, makamaka wamkulu wa masamu uja, alimbikire, asadzakhale wa maondo ngati amalume ake. Kwa azakhali munene kuti achimwene awo akudya bwino, zina musawauze. Mlamu wanu akupereka moni. A Foromani atulutsa dzino lachiwiri, dzulo analuma agogo awo chala, ndipo palibe anawaletsa.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni, ndipo foni ikhale pafupi.

Ndine mlongo wanu wotsiriza kubadwa,
Bambo a Foromani

Ndatsala pang'ono kumata osalemba chenichenicho. Kuchotsa za envulopu ndi za chodulira, kwatsala 23,000.